Pasaka ndi nthawi ya mashifiti

## Lachinayi usiku, kukhitchini

Munali mu Febuluwale, mwezi umene kuno ku Glasgow dzuwa limangosuzumira pang'ono n'kubwerera. Tinalimo asanu m'khitchini ya nyumba yomwe timachita lendi. Ine ndinali pachitofu ndikuvundula nsima. Mtsikana wa ku Spain anali patebulo ndi laputopu yake, mnyamata wa ku America akudya pitsa yotenthetsa, pomwe anzanga awiri, wa ku Nigeria ndi wa ku India, anali chiimire kudikira kuti ndiphule poto wanga iwo atereke awo. Chitofu chathu chili ndi malo anayi ophikirapo, koma otentha bwino ndi awiri okha, ndiye madzulo timachita kulandizana.

Mwadzidzidzi wa ku Spain uja anakuwa mpaka tonse tinatembenuka. Wapeza matikiti a ndege, kuchoka ku Edinburgh kupita ku Barcelona ndi kubwerera, pa mapaundi 30 ndi kenakake pamwamba. Masiku ake akugwera pa tchuthi cha Pasaka. Kwa makolo ake kuli chipinda chongokhala, ndiye za pogona tisavutike nazo, ndipo mayi ake alendo amawakonda kwabasi.

"Tiyeni tonse asanu. Ndigule pompano mtengo usanakwere?"

Wa ku America anali atatulutsa kale khadi la kubanki, pitsa ili m'kamwa. Ife atatu tinangoyang'anana.

Ndisaname, mtima wanga unali utanyamuka kale. Mapaundi 30 ndi ndalama ya maola osakwana atatu kuntchito kwanga. Ndikukula ku Zomba, Barcelona ndinkaidziwira pa majezi a anyamata a m'dera lathu basi. Lero ndiye munthu akundiitanira kwawo, kukagona m'nyumba ya makolo ake, ulere.

Anayamba kulankhula ndi wa ku India, chifukwa iye anaipondapo kale njira imeneyi. Anamufotokozera modekha kuti viza ya ophunzira ya ku UK imathera m'malire a UK momwemo. Kuti ifeyo tikaponde ku Spain pakufunika viza ina, ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, ya mayuro 90, kuonjezerapo ndalama ina ya kampani imene imalandira mapepala m'malo mwa ofesi ya kazembe. Akufuna inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, masitetimenti a kubanki a miyezi itatu, kalata ya ku yunivesite, umboni wa tikiti yobwerera. Tsiku loti ukapereke mapepalawo umachita kulisaka pa intaneti usiku ndi usana. Ukalipeza, upite wekha ukadindidwe zala, pasipoti uisiye komweko, udikire masabata awiri kapena kuposerapo. Akakukana, ndalama ija yapita.

"Koma mukagona kwathu, si zophweka zimenezo?" anafunsa.

Wa ku India anaseka. Kugona kwa munthu ndiye kumaonjezera ntchito. Ku Spain, kalata yoitanira mlendo wotere salemba munthu payekha patebulo lake. Makolo akewo anayenera kupita kupolisi, kukapereka mapepala a nyumba, kulipira, n'kudikira kuti kalatayo ituluke. Zikanaphweka tikanangoti tikagona ku hotelo.

Mtsikanayo anafiira nkhope. Ankati popeza tonse tinalowa muno ndi viza imodzimodzi, iyenso UK itatuluka mu EU, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, amayenera kukhala nayo, ndiye kuti tili pa mzere umodzi. Wa ku America anabweza khadi lake m'thumba pang'onopang'ono, n'kunena chapansipansi kuti iye amangofika pa bwalo la ndege n'kuonetsa pasipoti. Nsima yanga inali itayamba kununkha chakupserera.

Wa ku Nigeria ndi amene anamaliza nkhaniyo. Nthawi yonseyi anali phee, ngakhale ndi iye wokonda mpira kuposa tonsefe. Anangoti: "Ngakhale vizayo akanatipatsa ulere, ine sindikanapita. Pasaka ndi nthawi ya mashifiti."

Mawu amenewa sanandichoke m'mutu mpaka lero. Ine ndinali nditakwiyira pasipoti yanga, yomweyi imene ndinakwera nayo basi kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge popanda wondifunsa viza. Mnzangayo anandionetsa kuti pasipoti ndi chotchinga chachiwiri. Choyamba ndi maola.

## Maola 20

Amene muli kumudzi mukamva kuti wakuti ali ku UK akuphunzira uku akugwira ntchito, mumawerengera mapaundi. Ife kuno timawerengera maola.

Lamulo lake ndi ili: wophunzira digiri amaloledwa kugwira ntchito maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu. Sabata yake imayamba Lolemba n'kutha Lamlungu, ndipo maola sasungidwa. Ukagwira 12 sabata ino sindiye kuti yamawa ugwira 28. Ukhale ndi mabwana awiri, amaphatikiza. Bizinesi yakoyako ndi yoletsedwa, kutanthauza kuti ngakhale kuluka anthu tsitsi kuchipinda kwako n'kulandira kenakake, kapena kuyenda panjinga kugawa zakudya modzilemba wekha, ndi mlandu. Ukagwidwa, viza imadulidwa, sukulu yathera pomwepo. Bwana wako naye akhoza kulipitsidwa mpaka mapaundi 45,000 pa munthu mmodzi akagwidwa koyamba, n'chifukwa chake mabwana olongosoka maola akowo amawalondera kuposa iwe mwini.

Ine ndinayamba ndi mapaundi 12 pa ola. Maola 20 ndi mapaundi 240 pa sabata, pamwezi kungodutsa 1,000 pang'ono. Mukaisintha kukhala makwacha mutu ukhoza kuzungulira, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma kachipinda kanga kokha kamadya theka ndi kuposerapo. Onjezani magetsi ndi gasi wotenthetsera nyumba, basi, foni, chakudya. Yotsalayo ndi imene imapita pa Mpamba kwa amayi feteleza akafika. Fizi sindinaitchule n'komwe. Pofunsira viza ndinayenera kuonetsa mapaundi 9,207 ogona m'banki masiku 28, kupatula fizi ndi ndalama ya chipatala ya mapaundi 776 pa chaka. Ndalama imeneyo inali puloti ya bambo anga malemu ndi ngongole kwa amalume, ndipo mbali yaikulu inamezedwa miyezi yoyambirira ndisanapeze ntchito.

Tsono pa tchuthi chovomerezeka cha yunivesite, lamulo lija limamasuka. Ukhoza kugwira maola 40, 48, mmene thupi lako lingapirire. Kwa wa masitazi ngati ine tchuthi chotere chimabwera pa Khirisimasi ndi pa Pasaka basi. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, anzathu a digiri yoyamba akupuma, ife timawerengedwa kuti tikadali pasukulu chifukwa tikulemba kafukufuku, ndiye ndi 20 yomwe ija. Ambiri amakodwa pamenepa.

Tchuthi kwa ife chili ngati masika: palibe amene amasiya chimanga chitauma m'munda n'kupita kukacheza kwa apongozi. Tikiti ya mapaundi 30 ija, ukaikapo viza, inshuwalansi, sitima ya ku Edinburgh, ndi mashifiti a sabata yathunthu amene ukanagwira, mtengo wake weniweni umafika pa lendi ya mwezi.

## Kumene ndimagwira

Ndimagwira kunyumba yosungirako okalamba, kunja pang'ono kwa mzinda. Shifiti yaitali ndi ya maola 12, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku. Mashifiti awiri otere adutsa kale malire, ndiye nthawi ya sukulu amandipatsa yaitali imodzi ndi yaifupi imodzi. M'nyengo yozizira ndimatuluka kukadali mdima, n'kubwerera kutada. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane.

Tikangofika timalandira lipoti kwa a usiku: uyu sanagone, uyu wakana mankhwala, uyu anagwa cha m'ma 3 koloko. Kenako kudzutsa, kusambitsa, kuveka, phala la oats, tiyi. Amene sangathe kuima timawanyamula ndi makina, ndipo lamulo ndi loti mukhale awiri. Kuchita wekha chifukwa cha changu ndi njira yachidule yochotsedwera ntchito.

Pali agogo ena aakazi, a zaka za m'ma 90, amene dzina langa amaliiwala tsiku lililonse koma manja anga amawadziwa. Wina akabwera ndi thaulo amakunga thupi, kukana. Ine ndinaphunzira kuti choyamba ndi kutenthetsa manja anga m'madzi ofunda, n'kuyambira kumapazi, osati kumaso, uku ndikuwauza chilichonse ndisanachite. Tikafika pamapewa amakhala atayamba kundifunsa ngati ndadya. Ndikati ndadya, amandiyang'ana mokayikira n'kundikankhira bisiketi yawo. Mawa lake timayambiranso poyamba.

Ndimadziwa zimene anthu amanena pa Facebook, zoti tinasiya maofesi kumudzi kudzasambitsa nkhalamba za eni. N'zoona, ofesi ndinasiyadi. Koma ndaona kuti onyoza ntchitoyi ndi omwewo amene amandilembera kuseri kufunsa njira yobwerera kuno. Ntchitoyi imapweteka msana, ndipo tsiku limene chipinda cha munthu amene unamuzolowera wachipeza chopanda kanthu, bedi atayalula, chakudya sichilowa. Zamanyazi ndiye sindinazionemo.

Nthawi ya sukulu manijala akaimba Loweruka usiku kuti wina wadwala, yankho langa ndi limodzi: maola anga akwana. Pasaka itayandikira ndinamupititsira kalata ya ku yunivesite yoonetsa masiku a tchuthi. Anaiwerenga, n'kutsegula ndandanda ya mashifiti pomwepo akumwetulira, chifukwa ogwira ntchito a konkuno ndi nthawi imene amapempha kupuma kuti akhale ndi ana awo.

## Kucheza kuli ndi mtengo wake

Anzathu a m'kalasi akati tikumane, ndiye kuti ku pabu, malo omwera mowa. Mwambo wake ndi wogulirana: wina agulira tebulo lonse, kenako wina, mpaka ifike nthawi yako. Patebulo la anthu asanu, nthawi yakoyo ikafika wapereka maola awiri osambitsa anthu. Miyezi yoyamba ndinkangoti ndili ndi zolemba. Kenako ndinaona kuti ndayamba kukhala munthu wa kalasi, ntchito ndi bedi basi, ndipo m'dziko la mdima lino zimenezo zimadwalitsa mutu. Masiku ano ndimapita, ndimanena poyambirira kuti ine ndidzigulira ndekha, n'kukhala ndi Irn-Bru imodzi, chakumwa chosaledzeretsa cha kuno, mpaka usiku. Palibe amene anandisekapo.

Chabwino cha Glasgow n'choti zaulere zilipo zambiri. Ku Kelvingrove, nyumba yoonetsera zakale ndi zojambula, umalowa osalipira. Ku Botanic Gardens kuli nyumba yagalasi yosungiramo zomera za kumadera otentha, ndipo ine mu Januwale ndinkapitako osati kukaona maluwa koma kukaotha. Ndinavinakonso ceilidh, gule wa kuno wogwirana manja n'kumazungulira mpaka thukuta kamukamu, ndipo wina amachita kukuwa kukuuzani sitepe yotsatira. Gule ameneyu ndinamukonda chifukwa wosadziwa sasowa, tonse timapondana.

Koma kumene ndimapumira kwenikweni ndi kwa anti ena a ku Ntcheu amene akhala kuno zaka zoposa 20. Anabwera nthawi imene Mmalawi ankangokwera ndege n'kutsikira ku London popanda viza, lamulo lisanasinthe mu 2006. Lamlungu lina lililonse kunyumba kwawo kumadzaza ana asukulu. Nsima ya ufa wa ku South Africa wogula m'mashopu a Afirika, nyemba, nkhuku yolimba, nkhwani akapezeka. Nsapato mulu pakhomo, Chichewa chokhachokha. Pamenepo ndi pamene umamva kumene akulemba ntchito, landilodi woti umupewe, ndi amene akupita kumudzi woti ungamupatsire kaphukusi.

Nditawafotokozera za Barcelona, anandiyang'ana uku akuomola nsima.

"Mwanangu, Barcelona sathawa. Iweyo unabwera ndi ndalama ya puloti. Uyambe wabweza puloti."

"Koma anti, moyo ndi ntchito yokhayokha?"

"Ndani wanena zimenezo? Scotland yonseyi wamaliza kuiona? Kumeneko akufunsa viza?"

## Kumene tinapita

Wa ku Spain ndi wa ku America anapitadi, ndipo zithunzi tinaziona. Ife atatu tinakolola. Masabata amenewo ndinkafika kunyumba miyendo ikunjenjemera, kudya chiimire, kugona, kudzuka.

Chimene chinasintha m'nyumba mwathu n'chaching'ono koma ndimachiona. Mtsikana uja masiku ano asanatsegule laputopu amayamba wafunsa kuti shifiti zathu zili liti, ndipo kumaloko tikhoza kulowa kapena ayi. Ndi iye amene anakonza ulendo wa ku Oban, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kuno ku Scotland, Loweruka lina mu Meyi limene tonse asanu tinapezeka omasuka, chinthu chosowa kuposa tikiti yotchipa.

Anandiuzanso za khadi la sitima lochotsera gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo. Dzina lake limati ndi la azaka 16 mpaka 25, koma wophunzira wamkulu ngati ine amaloledwa yunivesite ikamuchitira umboni. Tinakwerera pa siteshoni ya Queen Street m'mawa. Ulendo wa maola atatu, sitima ikudutsa m'mphepete mwa Loch Lomond, mapiri opanda mitengo, nkhosa zili mbwee. Wa ku Nigeria ananyamula mpunga wa jollof m'kontena, ine mandasi ndi tiyi m'fulasiki. Ku Oban tinakwera phiri kukafika pa McCaig's Tower n'kumaona zombo zikupita ku chilumba cha Mull, kenako tinagula nsomba ndi tchipisi pa doko, mbalame za kunyanja n'kulanda ya wa ku America m'manja. Amene munakulira ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, madzi akuno ndi oonera ndi maso. Ndinaviikamo chala chimodzi n'kuchibweza. Usiku womwewo tinali titabwerera, Lamlungu m'mawa ine pa shifiti.

Kwina kumene ndinapita ndekha ndi ku Blantyre. Inde, Blantyre wa kuno, amene wathu uja anatengerako dzina, mphindi 20 ndi pang'ono pa sitima kuchokera ku Glasgow Central. Kuli nyumba imene David Livingstone anabadwiramo mu 1813, banja lonse m'chipinda chimodzi. Za maulendo ake tinaloweza ku pulayimale. Zimene sindinkadziwa ndi zoti anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, sukulu n'kumalowa ataweruka. Ndipo atayamba maphunziro a udokotala ku Glasgow mu 1836, sukulu ikatsekera ankabwerera kufakitale komweko kukasaka fizi. Ndinaseka ndekha m'chipindamo mpaka woyang'anira anandicheukira. Nayenso tchuthi chake chinali cha mashifiti.

## Ulendo umene ndikuphikira

Mng'ono wanga akukwatiwa mu Okutobala. Chinkhoswe Loweruka loyamba, ukwati sabata yotsatira.

Kuchoka ku UK kupita ku Malawi palibe ndege yolunjika. Kawirikawiri umadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo kwa ife a ku Glasgow nthawi zambiri uyambe wafika ku London kapena ku Manchester. Mitengo imene ndakhala ndikuiona ikuzungulira pa mapaundi 900. Malipiro athu anakwera mu Epulo 2025 kufika pa mapaundi 12.60 pa ola, komabe amenewo ndi maola opitirira 70.

Vuto ndi loti nthawi yomweyo ndikufunika ndalama ina. Pa malamulo a 2025, ukamaliza sukulu pali viza yokulola kukhala zaka ziwiri ukugwira ntchito popanda malire a maola. Mtengo wake wa 2025 ndi mapaundi 880, kuonjezerapo 2,070 ya chipatala, zonse kulipiriratu. Umafunsira uli mkati mwa UK viza yako ya sukulu isanathe, ndipo ukangotumiza pempho usatuluke kupita kumudzi mpaka atayankha, apo ayi pempholo lafa. Ndiye masiku ndachita kuwayala papepala limene ndamata pakhoma: tsiku lopereka kafukufuku, tsiku limene kosi ikutha, ukwati, zotsatira, tsiku limene viza ikutha mu Januwale.

Amayi ndinawaimbira Lachitatu lina madzulo. Nyengo ino timasiyana ola limodzi lokha, ndiye ndinawapeza asanagone. Ndinawafotokozera zonsezi, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Iwe, ndalama ya ndegeyo bwanji osangotumiza? Tigulire mbuzi ndi mpunga, yotsala ubweze kwa amalume ako. Ukwatiwo tidzakuonetsa pa foni."

Ankanena zanzeru, ndipo ndikudziwa kuti pofika ponena zimenezo anali atadzikaniza okha kundiona. Anti a ku Ntcheu nawo akanagwirizana nazo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

"Amayi, mbuzi ndigula. Koma ndikubwera."

"Ndalama zake ziti?"

"Za Pasaka."

Anakhala chete pang'ono, kenako anayamba kundiuza mtundu wa chitenje chimene a kuchikazi asankha, n'kuti nditumize miyezo telala ayambiretu.

Tikiti ndagula ya Ethiopian, kudzera ku Addis Ababa, kukatsikira ku Chileka. Amalola zikwama ziwiri za makilogalamu 23, ndipo nkhani itangomveka pa gulu la WhatsApp la banja, maoda anayamba kugwa. Wina jekete, wina foni, msuweni wina jezi ya Celtic pomwe timuyo sanaionepo ikusewera. Azakhali anajambula phazi lawo papepala n'kutumiza chithunzi kuti ndisalakwitse saizi. Loweruka ndikaweruka msanga ndimazungulira m'mashopu a kaunjika a kuno, a mabungwe achifundo, kusaka zimenezi chimodzichimodzi. Pobwerera zikwamazo zidzadzaza ufa woyera, Nali ndi usipa, poti nsomba zouma amalola mpaka makilogalamu 20, nyama ndi mkaka ndiye ayi. Anti aika kale oda ya utaka.

Ndalama ya viza ya zaka ziwiri ija sinakwane. Manijala ndamuuza kuti kuyambira tsiku limene kosi ikutha mpaka tsiku lonyamuka, andiike pa shifiti iliyonse imene ilipo, ngakhale za usiku.